Mtima ukavulala, mafuta a m'magazi amabisala

Pali zotsatira zina za kulabotale zimene zimakhazika pansi mtima wa wodwala, pomwe dokotala wodziwa ntchito yake amazilandira mokayika. Munthu amene mtsempha wa mtima wake watsekeka mwadzidzidzi, vuto lomwe pa Chingerezi amati heart attack, akayezedwa mafuta a m'magazi patapita masiku anayi kapena sabata, kawirikawiri pepala limaonetsa kuti kolesterolo wake ngochepa. Achibale amayamika. Ena amafika ponena kuti mafuta alibe mlandu pa zomwe zachitikazo, choncho kugula mankhwala otsitsa mafutawo n'kungotaya ndalama. Chikhalirecho nambala ili papepalayo si ya munthuyo monga akhalira masiku onse. Ndi nambala ya thupi lovulala, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu imabwerera pomwe idali.

Nkhaniyi imamveka ngati ya madokotala okhaokha, koma imawakhudza kwambiri anthu a maboma onga Neno, chifukwa chimene chimasokoneza zotsatirazo ndi nthawi, ndipo odwala a kumeneko nthawi imawathera m'njira. Neno Boma ili m'mapiri, kutali ndi misewu ikuluikulu yopita ku Blantyre ndi ku Mwanza. Bomali lidapatulidwa ku Mwanza mu 2003, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 138,000. Zipatala zazikulu ndi ziwiri, cha boma pa Neno Boma ndi cha Lisungwi kumunsi kwa mapiri. Wodwala wofunika akatswiri a mtima amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ulendo wa maola angapo umene umatalika kwambiri nyengo ya mvula.

Mafuta amene amayezedwa

Poyeza mafuta a m'magazi, alabotale amalemba nambala zinayi. Yoyamba ndi kolesterolo yense pamodzi. Yachiwiri ndi LDL, yemwe anthu amamutcha kolesterolo woipa chifukwa ndiye amalowerera m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana m'menemo. Yachitatu ndi HDL, amene amathandiza kutola kolesterolo wotsalira n'kumubwezera kuchiwindi. Yachinayi ndi ma triglyceride, mafuta amene thupi limasunga kuti lidzawagwiritse ntchito ngati nkhuni. Onsewa amawerengedwa m'mamilimolo pa lita imodzi ya magazi.

Kolesterolo payekha si poizoni. Thupi limamufuna pomanga khoma la selo iliyonse, popanga mahomoni ena ndiponso popanga ndulu, ndipo mbali yaikulu ya kolesterolo wa m'magazi imapangidwa ndi thupi lomwelo, makamaka chiwindi, osati kuchokera m'mbale. N'chifukwa chake mlimi wowonda wa ku Dambe, amene nyama amaidya pa Khirisimasi ndi pa ukwati pokha, angathe kukhala ndi LDL wokwera kuposa bwana wa mimba yaikulu wa mu Limbe. Vuto limayamba LDL akachuluka kwa zaka zambiri. Amapanga zotupa za mafuta m'kati mwa mitsempha imene imadyetsa mnofu wa mtima. Tsiku lina chotupa chimodzi chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira imatsekeka, ndipo mbali ya mtima imene imadalira mtsempha umenewo imayamba kufa pasanathe ola.

Vutoli n'losiyana ndi kuima kwa mtima, ngakhale anthu amaziphatikiza. Amalawi ambiri adamva za kuima kwa mtima pa 5 April 2012, pamene mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Bingu wa Mutharika, adakomoka kunyumba ya boma ku Lilongwe. Mtima ukaima, munthu amagwa pomwepo. Mtsempha ukatsekeka, mtima ungathe kuima, koma nthawi zambiri umapitiriza kugunda uku ukuwonongeka. Munthuyo amamva ngati wina wamusanjika mwala pachifuwa, ululu umafika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, thukuta lozizira limatuluka, mpweya umamuperewera. Kwa amayi ena ndi odwala shuga zimangomveka ngati chilungulira kapena zilonda za m'mimba. Ameneyu ndiye amatha masiku awiri kapena atatu ali pakhomo akumwa mankhwala a m'mimba.

Chimene thupi limachita likavulala

Kutsika kwa kolesterolo pambuyo pa vutoli kudadziwika kalekale. Mu 1957 dokotala wa ku Sweden, Gunnar Biörck, ndi anzake adalemba kuti odwala amene mtsempha wa mtima wawo wangotsekeka kumene amapezeka ndi kolesterolo wocheperapo m'masiku otsatira. Akafukufuku ambiri adatsatira m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, ndipo zimene adapeza zinkafanana. Tsiku loyamba nambala zimakhala pafupi ndi zenizeni. Kuyambira tsiku lachiwiri kolesterolo yense, LDL ndi HDL amayamba kutsika, ndipo amafika pansi penipeni pakati pa tsiku lachinayi ndi sabata yachiwiri. Ma triglyceride okha amachita zosiyana, amakwera. Kenako zonse zimabwerera pang'onopang'ono, ndipo pofika mwezi wachiwiri kapena wachitatu magazi amaonetsanso mmene munthuyo alili.

Zifukwa zake n'zingapo ndipo zimagwira ntchito nthawi imodzi. Mnofu wa mtima ukafa, asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo ndipo amatulutsa timadzi totumiza uthenga, monga interleukin-6, tomwe timafika kuchiwindi. Chiwindi chikalandira uthengawo chimasintha ntchito. Chimawonjezera mapuloteni olimbana ndi kuvulala, chimachepetsa ena mwa mapuloteni onyamula mafuta, komanso chimatsegula tizitseko tambiri tokokera LDL kuchoka m'magazi. Tizitseko timeneti ndi tomwe Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku America adalandirira mphoto ya Nobel mu 1985 atatitulukira. Zimafanana ndi zimene zimachitika m'mudzi mphepo ikasasula madenga: udzu ndi nsungwi zimasowa pamsika kwa kanthawi, osati chifukwa dera lasiya kumera udzu koma chifukwa aliyense ali pa ntchito yofolera. Wobwera sabata imeneyo n'kulemba kuti kuno udzu ngosowa walemba zoona za sabata imodzi yokha.

HDL nayenso amasintha, ndipo kusintha kwake si kwa nambala chabe. Puloteni wina wa nthawi ya kuvulala, serum amyloid A, amalowa m'malo mwa puloteni amene HDL amagwirira ntchito, moti HDL wa masiku amenewo satola kolesterolo bwino monga achitira nthawi zonse. Ma triglyceride amakwera chifukwa ululu ndi mantha zimatulutsa adrenaline wambiri, yemwe amasungunula mafuta osungidwa m'thupi n'kuwatumiza kuchiwindi, ndipo chiwindi chimawabwezera m'magazi.

Palinso zifukwa zina za m'wodi momwemo. Wodwala sadya monga adyera kwawo. Madzi a m'diripi amasukulutsa magazi. Kugona chabe kumatsitsa nambala ya kolesterolo ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 poyerekeza ndi munthu woimirira, popeza madzi a m'minofu amabwerera m'mitsempha. Heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene odwala otere amabayidwa, amadzutsa chinthu china chophwanya ma triglyceride, ndiye nambala yawo imasokonekera mbali zonse ziwiri. Kuwonjezera apo, malabotale ambiri samuyeza mwachindunji LDL. Amamuwerengera pogwiritsa ntchito masamu amene William Friedewald ndi anzake adalemba mu 1972: kuchokera pa kolesterolo yense amachotsapo HDL, n'kuchotsaponso ma triglyceride ogawidwa ndi 2.2. Choncho ma triglyceride akakwera, LDL wa papepala amatsikiratu, ndipo akapitirira mamilimolo 4.5 masamuwo sagwiranso ntchito.

Potengera zonsezi, akafukufuku a ku Britain ndi ku America a mu 1984 adakhazikitsa lamulo limene ophunzira udokotala akhala akuloweza kuyambira nthawi imeneyo: magazi atengedwe m'maola 24 oyambirira, kupanda apo adikire miyezi iwiri kapena itatu.

Lamuloli lidagwedezekako mu 2008. Bertram Pitt ndi anzake ku America adayeza odwala 507 pa tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachinayi ali m'chipatala, pa kafukufuku wotchedwa LUNAR. Adapeza kuti LDL adatsika ndi magawo osakwana 2 pa 100 m'maola 24 oyambirira, kenako n'kukwera ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 m'masiku awiri otsatira. Kusintha kochepa chotero sikungasinthe maganizo a dokotala, ndipo kuchokera pamenepo malangizo a mayiko ambiri amangoti magazi atengedwe mwamsanga wodwala akangogonekedwa, popanda kuwerengetsera maola.

Komabe n'kulakwitsa kutenga zotsatira za ku America zija n'kuziika pa Neno osaganizira kusiyana kwa odwalawo. Kutsika kwa kolesterolo kumayenderana ndi kukula kwa bala la mumtima: mnofu wambiri ukafa, thupi limayankha mwamphamvu ndipo nambala zimagwa kwambiri. Odwala a mu 2008 ankafika msanga kuchipatala chokhala ndi zipangizo zotsegulira mtsempha wotsekeka, moti bala linkachepa. Zipangizo zotere sizipezeka m'zipatala za m'maboma. Wodwala amene watha masiku awiri pakhomo, mtsempha uli chitsekekere, amafanana kwambiri ndi odwala a Biörck a mu 1957 kusiyana ndi a Pitt. Ndiponso LUNAR idawerenga masiku kuyambira pamene munthu wafika m'chipatala, pomwe kuno tsiku lofika m'chipatala lingakhale lachitatu la matendawo.

Mwachitsanzo, mwamuna wa zaka 55 wa kudera la Nsambe amve kuwawa pachifuwa Lolemba madzulo. Lachiwiri ayesa mankhwala a pagolosale. Lachitatu apita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kumene amutumiza ku Neno Boma. Akafunika kupita ku Blantyre, mwina afika Lachisanu, ndipo magazi oyezera mafuta atengedwa Lolemba linalo. Limenelo ndi tsiku lachisanu ndi chitatu, nthawi yeniyeni imene kolesterolo amakhala atabisala. Chosangalatsa n'chakuti puloteni wotchedwa troponin, amene amatuluka m'mnofu wa mtima wowonongeka, amakhalabe wokwera m'magazi kwa sabata kapena ziwiri. Wofika mochedwa angathe kutsimikiziridwa kuti mtima wake udavulala, koma sangathe kuuzidwa molondola mmene mafuta ake adalili asanadwale.

Malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV

Chiwindi sichisiyanitsa bala la mumtima ndi matenda ena aakulu. Opaleshoni, kupsa ndi moto, chibayo, zonsezi zimatsitsa kolesterolo mwa njira yomweyo. Malungo ndiwo amadziwika kwambiri pa zimenezi: munthu amene akudwala malungo amapezeka ndi kolesterolo, LDL ndi HDL wotsika kwambiri pomwe ma triglyceride akwera, ndipo nambalazo zimatenga masabata kuti zibwerere. Chifuwa chachikulu nachonso chimatsitsa kolesterolo. HIV imene sidayambe kuthandizidwa ndi mankhwala imatsitsa HDL ndi LDL, ndipo munthu akayamba kumwa ma ARV n'kupeza bwino, kolesterolo amakwera, mwa zina chifukwa thupi labwerera mwakale.

M'dziko limene matenda atatuwa ngofala, zotsatira zotsika zimafunika kufunsidwa mafunso awiri kapena atatu zisanakhulupiriridwe. Palibe amene amayeza munthu pasikelo atangodzuka pa malungo n'kunena kuti thupi lake ndi limenelo. Koma pepala la kulabotale, chifukwa lili ndi chidindo ndi manambala, anthu amalipatsa ulemu umene nthawi zina silikuyenera.

Wina angafunse ngati vuto la kutsekeka kwa mitsempha ya mtima lilipodi ku Neno, kapena ndi matenda a anthu a m'tauni ndi a kunja. Funsoli lili ndi maziko. Kaundula wa kiliniki ya mtima pa Mzuzu Central Hospital wa zaka za 2001 mpaka 2005, wokhala ndi odwala 3,908, adaonetsa kuti ambiri anali ndi matenda a mavavu a mtima, otsatira anali a kuthamanga kwa magazi ndi a kufooka kwa mnofu wa mtima, pomwe a mitsempha yotsekeka anali atatu okha. Ku Neno nakonso, makiliniki a PEN-Plus, amene Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adatsegula mu 2018 pa chipatala cha boma ndi ku Lisungwi, adakhazikitsidwa poganizira matenda onga shuga wa mtundu woyamba, sickle cell, mavavu owonongeka ndi kulephera kwa mtima kupopa magazi.

Koma chimene sichikufufuzidwa sichipezeka. Pa chipatala cha Kilimanjaro Christian Medical Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania, madokotala ankaona kuti vutoli n'losowa, pafupifupi odwala 2 pa 100 alionse obwera ndi kuwawa pachifuwa kapena kubanika. Atayamba kujambula kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG komanso kuyeza troponin kwa aliyense wobwera ndi zizindikirozo, adapeza vutoli mwa odwala 152 pa odwala 681, kutanthauza oposa mmodzi pa asanu alionse. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2020. Malawi si Tanzania, koma zinthu zimene zimatseka mitsempha ziliponso kuno. Kafukufuku wa STEPS wa 2009, amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizidwa ndi World Health Organization, adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pafupifupi 6 pa 100 ali ndi shuga, pafupifupi 9 pa 100 ali ndi kolesterolo wokwera, ndipo mwamuna mmodzi pa anayi amasuta fodya. Kafukufuku wamkulu wa INTERHEART wa mu 2004, wochitika m'mayiko 52 kuphatikizapo ena a mu Africa, adaonetsa kuti mafuta a m'magazi ndi fodya ndizo zikutsogola poyambitsa vutoli kulikonse padziko. Ochita kafukufukuyo adasankha odwala ofika m'maola 24 oyambirira, nthawi imene magazi amakhala asanasinthe kwenikweni.

Mankhwala sadikira pepala

Chimene chimachotsa mantha pankhaniyi n'chakuti chisankho chachikulu sichidaliranso nambala. Munthu aliyense amene watsimikizika kuti mtsempha wa mtima wake udatsekeka amayenera kuyamba mankhwala a gulu la statin, monga atorvastatin kapena simvastatin, kaya kolesterolo wake waoneka wokwera kaya wotsika, pokhapokha pali chifukwa china chomuletsa. Mtsempha umene watsekekawo ndi umboni wokwanira wakuti LDL amene anali naye adamuchulukira iyeyo.

Mankhwalawa adachokera kwa wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, amene adapeza statin woyamba mu nkhungu mu 1973. Umboni wakuti amapulumutsa moyo udabwera mu 1994, pa kafukufuku wa 4S wa m'mayiko a Scandinavia: mwa odwala mtima 4,444, omwe ankamwa simvastatin adachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo 30 pa 100. Mu 2001 kafukufuku wa MIRACL, wa odwala 3,086, adaonetsa kuti kuyamba atorvastatin m'masiku anayi oyambirira, osadikira kuti nambala zikhazikike, kumachepetsa mavuto obwereza m'miyezi inayi yotsatira. Akafukufuku ambiri ataphatikizidwa, zidaoneka kuti kutsitsa LDL ndi milimolo imodzi kumachepetsa chiopsezo cha vuto lina lalikulu la mtima kapena sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu. World Health Organization idaika simvastatin pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2007.

Lamulo lakale lodikira miyezi itatu lidali ndi vuto limene olilemba sadaliganizire: odwala ambiri amene atuluka m'chipatala opanda mankhwala sadzawayambanso. Ngati zinali choncho m'mayiko amene chipatala chili pakhomo, kuli bwanji kwa munthu amene ulendo wobwerera ku Boma umamudyera tsiku lathunthu ndi ndalama ya njinga yamoto?

Nanga kuyezako n'kwa ntchito yanji ngati mankhwala aperekedwabe? Ntchito yake ilipo, ndipo ndi pamenepa pamene nambala yabodza ija imapweteka mwakachetechete. Malangizo a akatswiri a mtima a ku Ulaya a mu 2019 amati munthu amene wadwalapo vutoli atsitse LDL ndi theka, komanso afike pansi pa mamilimolo 1.4. Kuti dokotala adziwe ngati thekalo lakwana, amafunika nambala yoyambira yolondola. Mwachitsanzo, munthu amene LDL wake weniweni ndi 4.0 ayezedwe tsiku lachisanu ndi chimodzi n'kupezeka ndi 3.0. Amwa mankhwala mokhulupirika, ndipo patatha miyezi iwiri apezeka ndi 2.0. Papepala zikuoneka kuti watsika ndi gawo limodzi la magawo atatu basi, pomwe zoona zake watsika ndi theka. Wina angamuganizire kuti akudumphitsa mapiritsi. Zimathekanso mwa njira ina: amene adapatsidwa mlingo wochepa chifukwa nambala yoyamba inkaoneka yabwino amadabwa kuona kuti patatha miyezi itatu LDL sadasunthe, kapena wakwerako, n'kunena kuti mankhwalawo ngopanda ntchito. Mankhwala adagwira ntchito, kungoti nthawi yomweyo thupi linali kubwerera pa nambala yake yeniyeni.

Palinso nkhani ya ana. Pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 250 mpaka 300 amabadwa ndi vuto la kumtundu limene limachititsa LDL kukhala wokwera kwambiri kuyambira ali mwana, ndipo mwana aliyense wa munthu wotere ali ndi mwayi wa theka wotengera vutolo. Nthawi zambiri banja limazindikira zimenezi kholo likadwala mtima lili ndi zaka 40 kapena 45. Magazi akatengedwa mochedwa, LDL wa 5.5 angaoneke ngati 4.0, palibe amene adzidzimuke, ndipo ana ndi abale a wodwalayo sayezedwa. Munthu wodwala vutoli ali wamng'ono, kapena amene abale ake angapo adamwalira mwadzidzidzi asanakalambe, amayenera kuuza dokotala zimenezi ngakhale pepala lioneke labwino.

Kuyeza kwa tsiku loyamba sikufuna kuti munthu akhale ndi njala. Kale odwala ankauzidwa kuti abwere m'mawa asanadye, ndipo zimenezi zinkachedwetsa zinthu ndi tsiku lina. Mu 2016 mabungwe a akatswiri a mafuta a m'magazi ndi a zamalabotale ku Ulaya adagwirizana kuti kwa anthu ambiri kusala kudya n'kosafunika, popeza chakudya chimasintha kolesterolo pang'ono chabe. Magazi amene atengedwa pofuna kuyeza shuga ndi impso wodwala akangofika angathe kuyezedwanso mafuta pamene zipangizo zilipo. Kuyeza kwachiwiri kumachitika pakati pa masabata 4 ndi 12 chiyambire mankhwala, ndipo ndi kumeneko kumene mlingo umawonjezeredwa kapena mankhwala ena, monga ezetimibe, amaphatikizidwa.

Pa kuyeza kwachiwiriku Neno ili ndi poyambira pabwino kuposa maboma ambiri. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe ndi nthambi ya Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ndi boma kumeneko kuyambira 2007. Mu 2015 kudayamba makiliniki ophatikiza, momwe odwala HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi mphumu amathandizidwa tsiku limodzi pamalo amodzi, m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomalo, ndipo ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi amayendera makomo kukumbutsa amene aphonya tsiku lawo. Njira ya PEN-Plus, imene Neno idali m'gulu la madera oyamba kuiyesa, idavomerezedwa ndi mayiko 47 a chigawo cha Africa cha World Health Organization pa msonkhano wa ku Lomé, m'dziko la Togo, mu August 2022. Dongosolo loitanira wodwala kuti abwerenso lilipo kale, ndipo wodwala mtima wochokera ku Queens amafunika kulowetsedwa m'dongosolo limenelo osati kungopita kwawo ndi kalata.

Kukhala ndi HIV ndi matenda ena m'chipinda chimodzi kumathandizanso pa nkhani ya kusakanikirana kwa mankhwala. Simvastatin saloledwa kwa munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, chifukwa amachulukana m'magazi mpaka kuwononga minofu. Ambiri m'dziko muno adasinthidwa kupita ku mankhwala okhala ndi dolutegravir kuyambira 2019, omwe alibe vuto limeneli, koma ena adakali pa ritonavir. Amene akumwa amlodipine wa kuthamanga kwa magazi sayenera kupitirira mamiligalamu 20 a simvastatin patsiku. Rifampicin wa chifuwa chachikulu amafooketsa ma statin ena. Amayi oyembekezera nthawi zambiri amaimitsidwa mankhwalawa. Kuphwanya kwa minofu kumachitika kwa ena, ndipo yankho lake ndi kusintha mtundu kapena mlingo, osati kungosiya mwakachetechete. Kwa anthu amene ali ndi HIV, kafukufuku wa REPRIEVE wa mu 2023, wa anthu 7,769 m'mayiko 12, adaonetsa kuti statin wotchedwa pitavastatin adachepetsa mavuto aakulu a mtima ndi magawo 35 pa 100 ngakhale mwa anthu amene kolesterolo wawo sadali wokwera kwenikweni.

Chakudya chili ndi mbali yake, ngakhale sichingalowe m'malo mwa mankhwala kwa munthu amene mtima wake wavulala kale. Nyemba, nandolo, ndiwo zamasamba zotendera, usipa, mgaiwa ndi mananchesi amene Neno imatchuka nawo zilibe vuto. Zofunika kuchepetsa ndi nyama ya mafuta, majarini, mandasi, mchere wambiri ndi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza. Mowa umakweza ma triglyceride. Fodya ndiye wosafunika kukambirana.

Pomaliza pa zonse pali kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amayenda nako. M'kabukumo mumalembedwa tsiku limene magazi adatengedwa, koma kawirikawiri simulembedwa tsiku limene ululu wa pachifuwa udayamba, ndipo popanda tsiku limenelo nambala ya kolesterolo siwerengeka bwino. Kiliniko ofesa wa ku Neno Boma amene akuona zotsatira zochokera ku Blantyre patatha mwezi amafunika masiku onse awiri, komanso kudziwa ngati wodwalayo adali ndi malungo kapena matenda ena nthawi imeneyo, ndi ngati magaziwo adatengedwa asanayambe kapena atayamba kale kumwa statin. Wodikirira wodwala angathe kupempha namwino kuti alembe zimenezi pambali pa nambalazo wodwalayo asanatulutsidwe.